Mivi ya a Mlongoti

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi a kuchipatala basi. Ena onse ankangoti a Mlongoti, chifukwa cha msinkhu. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani, ndipo zambiri za mumsewu wa kumsika anazilemba ataima pansi, makwerero atangotsamira khoma ngati mlendo wosowa womulankhula. Kashopu kawo kanali kuseri kwa chigayo, kachipinda konunkha penti ndi parafini, maburashi atanyikidwa m'zitini zakale za mkaka. Polowa ankawerama, ndipo pachipumi panali kachipsera kokumbutsa masiku amene anaiwala kutero.

Kumbuyo kwa tauniyo kunali phiri. Kumunsi kwake nkhalango, pakati udzu, pamwamba miyala yokhayokha, yoti munthu amakwera ndi manja ndi mapazi omwe ngati nyani. A Mlongoti ali mnyamata anasocherako tsiku lathunthu, nkhungu itawatsekera, akungozungulira mwala umodzi womwewo. Kuyambira pamenepo penti yachikasu yotsala pantchito sankaitaya. Loweruka likawapeza alibe chikwangwani cholemba, ankanyamula chitini ndi burashi n'kukalemba mivi pamiyala, kuchokera pothera nkhalango mpaka pansonga. Palibe anawatuma, palibenso anawaletsa.

Phirilo ankalidziwa nyengo zake zonse. M'dzinja matanthwe ankaterera ngati sopo, timitsinje tongobadwa tsiku lomwelo tikudutsa panjira, udzu utameza aliyense kupatula mutu wa a Mlongoti. Penti sigwira pamwala wonyowa, choncho nthawi imeneyo ankangopita ndi burashi ya waya kukapala ndere pamivi yakale. M'chilimwe moto unkanyambita udzu wonse, njira n'kusowa m'phulusa, miyala n'kumawotcha zikhatho, penti n'kumauma isanachoke paburashi. Nthawi yabwino yolemba inali mvula itangosiya, chisanu chisanalowe, chifukwa nkhungu ya nyengo yozizira ndiyo inkasocheretsa anthu.

Anali ndi kalembedwe kawo. Ankati pokwera munthu sasochera, poti kumwamba n'kumodzi. Potsika m'pamene phiri limatsekula makomo ambiri, ena a kuphompho. Ndiye mivi yawo ankailemba pamwamba pa miyala ikuluikulu, kuti munthu wochokera kunsonga aziionera patali. Inali mivi yowongoka, yoyera m'mbali, yopanda ndi dontho lomwe. Munthu wa zikwangwani amadana ndi dontho ngati mmene wophika amadanira ndi ntchentche.

Akazi awo anali telala, makina awo ali pakhonde la nyumba. Anali mayi wamfupi, woti akaima ndi amuna awo ankawalekeza pabatani la pachifuwa. Phirilo sanalikwerepo, ndipo ankalitchula kuti mkazi mnzanga.

"Mwayambapo wa kwa mkazi mnzanga?" ankatero Loweruka m'mawa, mapini ali kukamwa. "Mukamufunse ngati malaya apentiwo azichapa ndiye."

"Ameneyo salongolola, mayi."

"Salongolola chifukwa samva mkonono wanu."

Zaka zinapita choncho, ana n'kukula n'kumwazikana. Kenaka chaka china, mvula ili kumapeto, bondo la kumanja la a Mlongoti linatupa. Kutupako kunaphwa, koma bondolo linakana kupindika bwino. Kuchipatala anawauza kuti kuyenda ayende, koma za miyala aiwale. Iwo anayesabe. Ndi ndodo anatha nkhalango, anatha udzu, n'kufika Pakhosi, pampata wopapatiza pamene kuyenda kumathera, kukwawa n'kuyamba. Anaponda mwala woyamba, bondo linangoti zii mpaka m'chiuno. Anakhala pansi n'kuyang'ana kumwamba. Mivi ya kumtundako inali itafufuma ndi mvula, yosasiyananso ndi ndere, ndipo chisanu chinali pakhomo.

Anayesa kupempha anthu kuti akwere m'malo mwawo. Mlamu wawo anati iye mapiri amawaonera pakalendala. Wometa tsitsi anasisita mimba yake n'kunena kuti katundu amene ali naye ngwokwana kale. Chitini cha penti chinangokhala pafupi ndi chitseko, ndipo a Mlongoti ankati akamamwa tiyi maso ali pachitinipo, akachoka apo ali kuphiri.

Tsiku lina akazi awo anaimitsa makina.

"Bambo, nkhope imeneyo ikundithawitsira makasitomala. Loweruka tipita tonse. Inu mukakhala Pakhosi panupo, ine ndikakwera."

"Inu, mayi? Mpando womwe mumakwera mukupemphera."

"Ndikamuoneko mkazi mnzangayo. Zaka zonsezi ndimangomumvera mbiri."

Lowerukalo kunacha bwino, thambo lili mbee. Anafika Pakhosi dzuwa litakwera ndithu, mayiwo atavala buluku lakale la mwana wawo, atalipinda m'miyendo. A Mlongoti analemba okha muvi wa pamwala wa Pakhosipo kuti awaonetse kagwiridwe ka burashi, n'kuwafotokozera njira: mng'alu wokwera nawo, mwala wooneka ngati mphuno, ndi kuti dzanja lamanzere asapiteko chifukwa kuli phompho.

"Mukangodutsitsa burashi pamivi yakaleyo. Musalembe zanu."

"Ndamva, aphunzitsi."

Mayiwo anakoleka chitini pamkono n'kuyamba kukwawa. Asanapite patali chitinicho chinagunda pamwala, kho! Chinali chitini chadzimbiri, ndipo pansi pake panabooka kabowo ngati ka singano. A Mlongoti anaona timadontho tachikasu tikutsata akazi awo pathanthwe.

"Mayi, chikudontha! Mukundiipitsira phiri!"

"Musiyeni mkazi mnzanga adzoleko!" anayankha osacheuka.

A Mlongoti anapukusa mutu, mtima ukuwawa ndi madonthowo. Anakhala pansi, natambasula mwendo wodwalawo. Ankawaona akazi awo akucheperachepera pakati pa miyala, pena akunyanyamphira kuti afikire muvi, pena akukwera pamwala weniweniwo n'kulemba chogwada. Kenaka anabisika. Patapita nthawi kunamveka kamawu kochokera kutali kumwamba, kosamveka bwino, koma a Mlongoti anadziwa kuti munthu wafika pansonga. Anamwetulira okha.

Mphepo inasintha ali chimwetulire. Inayamba kuzizira kukhosi, ndipo atacheuka anaona nkhungu ikukwera kuchokera kuchigwa, yofulumira nyengo yake isanakwane. Inameza nkhalango, inameza udzu, inawadutsa iwo n'kupitirira kumtunda. Phiri lonse linangoti mbuu.

Anafuna kukuwa, koma anadzigwira. Ankadziwa kuti m'miyala mawu amanama: munthu amaitana kuno, wosocherayo n'kumva ngati akuitanidwa kuphompho. Anadzitonthoza kuti mivi ndi yatsopano, penti yake ikadali yonyowa, mayiwo aiona. Pofuna kulimbitsa mtima anayang'ana muvi wa pafupi, umene analemba okha m'mawawo.

Sanauone.

Mwala unali pomwepo, woti akanatha kuukhudza ndi ndodo, koma ankangoona nthiti yake yotuwa. Anadzuka movutikira. Ataima, muvi uja unali apo, wachikasu, wowala ngati dzira loswedwa. Anaika dzanja pabatani la pachifuwa, polekeza msinkhu wa akazi awo, n'kuwerama pang'onopang'ono mpaka maso anafika pamene panali dzanjalo. Muvi unalowa kuseri kwa mwala.

Kukakhala kowala, munthu wotsika amaona mivi ali kutali, ali pamwamba pake. Koma m'nkhungu munthu amangoona chimene chili pamphuno, ndipo pafupi chotero mwala umamupitirira wamfupi. Zaka zonsezi iwo ankalembera maso a munthu mmodzi, iwo eni. Anakumbukira amayi a kwaya amene anatsikira kuchigwa china, miyendo itang'ambika ndi minga. Anakumbukira mphunzitsi wamkazi amene anakhala pamwamba ndi gulu lake mpaka nkhungu itachoka, anthu m'tauni n'kumati kusasamala, mivi ili mbwee. Iwonso anavomereza nawo nthawi imeneyo kuti kunali kusasamala.

Anataya ndodo n'kugwira mwala woyamba. Bondo linakana. Anayesa kuyamba ndi mwendo wamanzere, kukoka thupi ndi manja, koma anatsetsereka n'kugwa chokhala. Anangotsala pomwepo, chisanu chikulowa m'malaya, makutu ali tcheru. Panalibe mbalame, panalibe mphepo. Anayamba kuganiza za makina a pakhonde, ndi diresi la munthu limene akazi awo analisiya lili pansi pa singano, mkono umodzi wosalumikiza.

Sanadziwe kuti papita nthawi yaitali bwanji pamene anamva kho. Kenaka chete. Kenaka kho, kho, pafupi pang'ono, ndiponso molunjika mng'alu, osati kumanzere. M'nkhungumo munatuluka mapazi, kenaka buluku lopindapinda, kenaka munthu yense akutsika chokhala, nkhope ili pafupi ndi thanthwe ngati wofunafuna singano yotayika.

Mayiwo anafika pansi n'kukhala pambali pa amuna awo, akupuma mwawefuwefu. Manja anali achikasu, tsaya lachikasu.

"Bambo," anatero mayiwo, "mivi yanu ija mumalembera akhwangwala?"

"Ndaona, mayi. Ndaonera pompano."

"Ndailemba ndekha ndi manja angawa, koma potsika ngakhale umodzi. Miyala yokhayokha, yonse yofanana ngati ana a mimba imodzi. Pena ndinalowera kwina, mphepo ikuchokera pansi, ndinadziwa kuti uku n'kumene munanena kuja."

"Ndiye mwatsika bwanji?"

Mayiwo anakweza chitini, chimene tsopano chinali chopepuka, n'kuloza kabowo kaja.

"Uve wanga umene mumaukalipira uja. Ndinabwerera chokwawa mpaka ndinapeza dontho. Ndikapeza ili, ndifunefune linzake. Mpaka pano."

A Mlongoti analandira chitinicho n'kuchitembenuza. Anayang'ana kabowoko nthawi yaitali. Kenaka anavula jekete n'kuwafunditsa akazi awo, ndipo linawafika m'mawondo.

"Nanga mkazi mnzanuyo mwamuona?"

"Ndamuona nkhungu isanabwere. Ngwokongola, sindikana. Tauni yonse ili pansi ngati mabatani otayika, denga lathu ndaliona, lofunika penti. Koma ulemu alibe. Mlendo sam'landira chotero."

M'chitinimo munali mutatsala penti pang'ono. A Mlongoti anatenga burashi, n'kukhwekhwereza thupi mpaka pamwala wa Pakhosi uja. Anagwada ndi bondo labwinolo, linalo atalitambasula, n'kuloza panthiti pa mwalawo.

"Apa?"

"Tsitsani."

"Apa?"

"Tsitsaninso, bambo. Kumabwera ana a sukulu kuno."

Analemba muviwo pafupi ndi pansi, pamene munthu wotsika amayang'ana poponda. Chifukwa cha kagwadidweko dzanja silinakhazikike, ndipo muvi unatuluka wokhota, penti ikuyenderera kumchira. Anauyang'ana, dzanja n'kupita lokha kukansanza kopukutira, koma anakabweza m'thumba.

Chisanu chisanathe, mayiwo anakweranso kangapo ndi chitini chatsopano, n'kutsitsa mivi yonse ya kumtunda. Ya kumunsi anatsitsa a Mlongoti, akuyenda ndi kampando kopinda. Pansonga sanafikenso. M'dzinja ndi m'chilimwe momwe ankathera Pakhosi, ali ndi fulasiki ya tiyi ndi makapu awiri, akumvetsera kho, kho wa chitini. Mivi yakale ija sanaifute. Ikadalipo pamwamba pa miyala, ikufufuma chaka ndi chaka, ndipo anthu aatali okha ndi amene amadziwa kuti ilipo.