Denga lodontha mu Okutobala

Ndinawanamiza a hedi, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Pasukulu yathu kufupi ndi Kande, ine ndimayang'anira kabati ya mabuku a nthano. Lamulo la a hedi ndi lakuti mwana akawononga buku asadzabwerekenso. Tsiku lina Tamala, mtsikana wa Sitandade 6, anandibwezera buku lofufuma ngati mandasi. Ndine ndinamusankhira bukulo, la mtsikana wothawa kwawo pa bwato, ndipo ndinamuuza kuti akangoliyamba sadzalisiya. Sanalisiyedi. Ankaliwerenga uku akuthandiza mayi ake kuvuula chinangwa choviika, ndiye linagwera m'dziwe momwemo.

A hedi analinyamula ndi zala ziwiri n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, wachita izi ndani?"

"Denga likudontha, bwana," ndinatero.

Unali mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe ngakhale dontho, ndipo bukulo linkanunkha kondowole mpaka pakhomo. A hedi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kwerani mukamate."

Ndinakweradi, ine bambo wa mimba yangayi, chitini cha phula kumanja, dzuwa likuswa mtengo, malata akundiwotcha mawondo. Ndinamata pamalo popanda bowo, ana akufa ndi kuseka pansi. Ndikakumbukira mmene buluku langa linang'ambikira potsika, manyazi amandigwirabe.

Koma wofuna kunditcha wabodza anditche. Masana omwewo Tamala anabwereka buku lina, lalikulu kuposa loyamba lija. Akadzaligwetseranso m'chinangwa, ndikudziwa pomwe pali makwerero.