Zanda ya Lackson

Lackson Chikaonda anakulira ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo akayamba nkhani ya milamba sapatsa mnzake mpata. Mkazi wake Dorica, namwino, ndiye anatsogola kubwera ku England ndi mwana wawo Amara. Lackson anatsalira kudikira mapepala. Pomwe ankafika ku Oldbury, mwana amene anatsanzikana naye ali kumsana anali atakula, akumuyankha m'Chingerezi. Ntchito anaipeza, yosamalira okalamba. Koma malo ake mumtima mwa mwana anapeza muli kale wina.

Winayo anali Everton wa khomo loyandikana, mkulu wopuma pantchito yoyendetsa basi. Anali munthu wabwino, ndipo n'zimene zinkamupweteka Lackson, pakuti woipa umamuda momasuka. Chilimwe chonse, Loweruka, Everton ankatenga Amara kukawedza kudamu lina kunja kwa tauni. Mwana akabwerako, pakamwa pake pankangotuluka dzina limodzi. Uncle Everton akuti kukatentha nsomba yotchedwa zanda imathawira pakuya chifukwa maso ake sakondana ndi dzuwa. Uncle Everton akuti nyambo yalabala uziigwetsa mpaka pansi, uziidumphitsa pang'onopang'ono.

“Nanga nsombazo zili kuti?” Lackson ankafunsa.

“We put them back, Dad.”

Kubweza nsomba m'madzi! Mwana wa msodzi kuphunzitsidwa zimenezo! Nsanje inamudya Lackson mpaka Dorica anaiona. “Bambo a Amara, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi,” anatero akusita yunifolomu. “M'malo motupa ngati chule, kapempheni off mupite nawo.”

Anapitadi. Kunali mitambo m'mawa umenewo, kamphepo kakukwinya madzi, nyengo imene Everton ankati zanda amaikonda. Everton anamubwereka ndodo yowedzera n'kuyamba kumufotokozera, koma Lackson anangoti hee, nakakhala patali, pafupi ndi khoma la damu. Kumeneko, poona kuti palibe akumuyang'ana, anachita ndendende zimene anamva kwa mwana: kugwetsa, kudumphitsa, kudikira.

Chingwe chinagwedezeka, kenako chinalemera. Anakoka mpaka chinsomba chachitali ngati mkono wake chinatulukira, mano ali waa. “Amara! Tabwera udzaone bambo ako!”

Koma manja a ku Kachulu sadikira mutu. Mwana akuthamanga, Lackson anali atatola kale mwala n'kuiphwanya nsomba pamutu, monga anachitira moyo wake wonse. Anainyamula m'mwamba akumwetulira.

Amara anaima chilili. Anayang'ana magazi pamwala, n'kubwerera chambuyo kukabisala kumsana kwa Everton. Lackson anafuna kulankhula, koma Chichewa chake mwana sakanachimva bwino, ndipo Chingerezi chinamuthawa.

Everton anagwada, nakanula nsomba kukamwa, nasuzumiramo nthawi yaitali. Mbedza inali pamlomo penipeni, poyera, Lackson ankaiona. Koma mkuluyo anaiphimba ndi chala, n'kuuza mwana modekha kuti nsombayi inameza mbedza mpaka m'mimba, sikanakhala moyo, ndipo bambo ake achita chifundo kuifupikitsira ululu.

Amara anapukuta misozi. Anabwera pang'onopang'ono, nagwira dzanja la Lackson, koyamba chifikireni ku England.

“It's okay, Dad,” anatero. “Uncle Everton says you did the right thing.”

Madzulo Dorica anaikazinga zanda ija ndi anyezi, fungo mpaka pamsewu. Anatumiza Amara ndi mbale kwa Everton, ndipo mwana anakhalitsa komweko. Kuseka kwawo kunkamveka kudutsa khoma. Lackson, munthu amene sanasiyepo ngakhale mutu wa mlamba, anakankhira mbale yake kutali, nati nsomba za kuno sizikoma.