Mbiya ya amayi anaitsuka ndi sopo

Mbiya yofululira mowa saitsuka ndi sopo. Ngakhale mwana wa kuno amadziwa zimenezi, koma mlamu wanga wokulira ku Lusaka, mkazi wa mlongo wanga, sankadziwa.

Mbiyayo amayi anabwera nayo kuchokera ku Petauke titasamukira kuno ku Mpanshya. M'kati mwake munamatirira masese akalekale, akuda bii, ndipo ndiwo ankawiritsa mowa. Mowa wa amayi unkayamba ndi kuwawasa pang'ono, kenako nkutsekemera kukhosi. Atamwalira ndinaisunga pakona, kudikira mowa wa chikumbutso chawo.

Nthawiyo itakwana mlamu anabwera kudzathandiza. Pochokera kuchigayo ndinampeza pabwalo, thovu mpaka m'zigongono.

"Ba mulamu, onani, yayera manje! Inali na doti maningi."

Doti! Moyo wonse wa amayi wautaya kuseri kwa bafa, ndiye ine ndithokoze?

Komabe mowa unayenera kupezeka, choncho ndinagawa phala patatu. Lina ndinathira mu mbiya yotsukidwayo. Lina ndinaikamo masese opempha kwa anzanga a mtundu wachisoli oyandikana nawo nyumba. Lotsalalo ndinathira m'chigubu cha pulasitiki, nkuwazamo yisiti ya buledi yogula ku Rufunsa, manyazi atandigwira.

Mbiya ya amayi inangoti zii ngati madzi a pachitsime, kununkha sopo basi. Mowa wa masese opempha unawira bwino, koma unali wa eni ake, wowawasa mpaka kutsinzinitsa. Wa yisiti ndiye unachita phokoso, thovu kusefukira pansi, fungo la mabanzi. Kulawa, unali wopanda kanthu pakamwa, wongothamangira kumutu.

Pa tsiku la chikumbutsolo chipanda choyamba ndinapereka kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anamwa mowa wa amayiwo kuyambira ali mnyamata. Ndinawatungira wa yisiti. Ndinkafuna aulavule pamaso pa anthu, kuti mlamu aone chimene anatilanda.

Anagugudiza, nkupukuta ndevu.

"Uyu ndiye! Monga mmene anali kufululira mlongo wanga. Mwana uyu watenga dzanja la amake."

Anthu anaomba m'manja, mlamu nkuyimba nthungululu.

Mlamu ndinamukhululukira kalekale, sankadziwa. Amalume ayi, mpaka lero mtima umandiwawa. Zaka zonsezo ankangomeza, osamva chimene akumwa? Ndatsala ndekha wodziwa kakomedwe ka mowa wa amayi, ndipo ndilibe ngakhale kadontho kolawitsa munthu kuti andikhulupirire.