Mlamba wa Apongozi a Achemwali

Nditabwerera kwathu kuchokera ku Blantyre ndinkati ndikhala dzinja limodzi lokha. Kampani imene ndinkagwirako ntchito ya makompyuta inali itatseka, ndipo mwini nyumba wa m'tauni samva zoti ntchito yatha. Kwathu ndi kumunsi kwa Chikwawa, m'mphepete mwa dambo lalikulu la Shire, kumene munthu umatuluka thukuta dzuwa lisanakwere n'komwe. Amayi anali atatisiya kale, choncho ndinafikira kwa amalume, amene moyo wawo wonse akhala akugula nsomba padoko n'kumazitumiza kumtunda.

Amalume ankatsogolera kagulu ka azimayi owamba nsomba. Ogula ambiri anali anthu akwathu komwe, okhala ku Blantyre, ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu, amene pakamwa pawo sipanazolowere nsomba za kunyanja. Ankaimbira amalume, amalume n'kumakweza katoni pa minibasi. Foni yawo inkalira tsiku lonse, ndipo nthawi zina ankasokoneza, wofuna mphende n'kumutumizira nkhonokono. Pofuna kuthokoza chifukwa cha chipinda chimene anandipatsa, ndinawapangira sitolo ya pa intaneti. Mayi aliyense anali ndi malo ake, nsomba zake n'zithunzi zake, kuti wogula azidziwa kuti wawamba ndani. Posakhalitsa anayamba kubweretsanso masau ouma, malambe, bwemba, mphasa, ngakhale mapira ochokera ku Chapananga. Katundu anachuluka moti munthu sakanatha kuyang'ana chimodzichimodzi pafoni. Ankangolemba chimene akufuna m'kabokosi kofufuzira kamene kali pamwamba pa tsamba.

Kabokosi kamene kanabwera ndi sitoloyo kanali kouma mutu. Ukaphonya chilembo chimodzi, kankangoti palibe. Tsiku lina amalume anabwera kuchokera kudoko nkhope ili gwaa.

"Iwe mwanawe, mnzanga wa ku Lilongwe wandiimbira. Akuti kodi mlamba nkhabe, palibiretu chaka chino? Nanga umene wadzaza m'chipindamu n'chiyani?"

Nditafufuza ndinapeza kuti mkuluyo analemba "mulamba", monga amatchulira kwawo ku Nsanje. Sanali yekha. Anthu ankalowa, kulemba, kuuzidwa kuti palibe, n'kutuluka.

Ndinayamba kufunafuna chida chabwino chofufuzira. Ndinkakwera njinga kupita kumsika kumene netiweki imagwira bwino, n'kukhala pakhonde la sitolo ya fetereza, laputopu pamiyendo. Njira zinali zitatu. Yoyamba inali pulogalamu yaulere yoti ndiziyendetsa ndekha pa makina anga, koma makinawo anafunika kukhala oyaka usana ndi usiku. Chisefukireni madzi amene anawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, magetsi kwathu ankabwera ngati mlendo wodutsa, ndipo atabwerera mwakale sitinawakhulupirirenso. Yachiwiri inali kampani yaikulu yakunja, yamphamvu ndithu, koma zonse zimene inkalemba zinali za masitolo ogulitsa nsapato m'mayiko ambiri, ndipo inkafuna khadi la kubanki usanayese n'komwe. Yachitatu inali kampani ina yakunja, yocheperako. Iwo ankasunga mayina a katundu wako pa makina awo, ndipo wogula akalemba m'kabokosi, funso linkapita kwa iwo n'kubwera ndi yankho. Masitolo ang'onoang'ono ngati athu sankalipiritsa. Ndinaikamo katundu wathu, ndinalemba "mulamba", ndipo mlamba wonse unatuluka ndisanachotse chala. Ndinawerenga malamulo awo mpaka kumapeto, sindinaonemo choopsa. Ndinasankha iwowo.

Chimene chinandikoka kwambiri n'chakuti chidacho chinkaphunzitsika. Chinkandionetsa mawu onse amene anthu alemba koma osapeza kanthu, ine n'kumachiuza kuti mawu awa ndi awa ndi chinthu chimodzi. M'mawa ndinkapita kung'anjo zowambira nsomba ndi foni m'manja, kukafunsa azimayi aja, maso akutuluka misozi ndi utsi. Anandiuza kuti amene walemba "makakana" akufuna mphende. Amene walemba "chambo" akufunanso mphende, ngakhale azimayiwo ananyansidwa nazo, amvekere chambo n'cha kunyanja, asatinyoze. Ena ankalemba m'Chisena, ena kusakaniza, ena ankangoti "nsomba za chinkhoswe", kutanthauza zikuluzikulu zosathyoka. Wina anafunsa nyika, timizu ta m'dambo tija timene kwathu timakumba njala ikafika pakhosi. Azimayi anaseka mpaka kugwirana mapewa, ati anthu a m'tauni akhuta mpaka kulakalaka chakudya cha njala. Koma tinaikamo, ndipo inkagulidwa.

Ntchito imeneyi inanditengera dzinja lonse ndi chilimwe chake. Kabokosi kaja kanayamba kumva chilankhulo chathu kuposa ana ena obadwira m'tauni. Makatoni anachuluka pa minibasi, foni ya amalume inapuma. Ine ndinaona kuti ngongole ya ulemu ndabweza, ndipo ndinayambanso kufunsira ntchito ku Blantyre.

Kenako kunabwera imelo yochokera ku kampani ija. Inati zaulere zatha, aliyense azilipira mwezi ndi mwezi pa khadi logwira ntchito kunja. Mtengo wake gulu likanautha. Vuto linali khadi. Langa linkakanidwa nthawi zonse, pakuti ndalama zakunja zinali zosowa m'dziko muno. Ndinaganiza zosamukira kwina, koma nditafuna kutenga mawu onse amene ndinaphunzitsa chidacho, ndinapeza kuti palibe potulutsira. Mayina a katundu akanatuluka, koma chiphunzitso chija, zoti ichi ndi ichi n'chimodzi, chinali chomatirira m'makina awo. Ndinawalembera. Yankho linabwera msanga, laulemu kwambiri, lonena kuti akumvetsa mmene ndikumvera ndipo maganizo anga awapereka kwa oyenera. Ndinalembanso, linabweranso lomwelo. Mpaka lero sindidziwa ngati anandiyankha anali munthu.

Pachibale pathu ponse, wokhala ndi khadi lotere anali mmodzi: alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, amene amagwira ntchito ku Joni. Anavomera mosavuta. Tinagwirizana kuti iwo azilipira kumeneko, gulu lizipereka kwa amayi awo kuno. Amayi awowo, apongozi a achemwali, anali mmodzi wa owamba nsomba m'gulu lathu, mayi wofatsa wosakonda zolankhulalankhula. Kuti alowetse khadi, ndinawapatsa alamu mawu achinsinsi otsegulira, ndipo iwo ali m'katimo anayendayenda n'kuona zonse zimene chidacho chimatha. Chimodzi mwa izo n'chakuti mwini sitolo akhoza kusankha katundu woti azituluka poyamba nthawi zonse.

Patapita miyezi ingapo anandiimbira Lamulungu masana, titangotuluka m'tchalitchi.

"Alamu, ndaona kuti munthu akalemba mlamba, wa amayi ukutuluka pansi penipeni."

"Umasinthasintha, alamu. Chimayang'ana umene wangowambidwa kumene."

"Ayi, ndaona pali poika kuti ukhale pamwamba. Muuike pamenepo. Mphendenso chimodzimodzi."

Ndinawafotokozera kuti pafoni munthu amaona zinthu ziwiri kapena zitatu zoyamba, ndipo ambiri amagula choyambacho. Kuika mmodzi pamwamba mpaka kalekale n'kuwalanda enawo msika.

"Khadi ndi landani?" anafunsa, osakweza mawu.

Ndinakana. Ndinakana mwaulemu, koma ndinakana. Mwezi wotsatira khadi analichotsa, ndipo kampani ija inatseka chitseko. Inali nyengo yoyandikira Khirisimasi, pamene anthu a m'tauni amafuna nsomba zakwawo kuposa nthawi ina iliyonse. Sitolo inabwerera ku kabokosi kouma mutu kaja. Wolemba "makakana" ankauzidwa kuti palibe, mphende zili mbwee m'madengu.

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Kampani yaikulu ija inafunanso khadi. Pulogalamu yaulere ndinaiika pa laputopu yanga, koma masana inkatentha ngati chiwaya n'kuzima yokha, ndipo mphepo ya mvula ikangowomba magetsi ankapita. Ndinayesa kulembanso mawu aja kuchokera m'mutu, koma anali ambiri, ena ndinangowaona kamodzi, ndipo malo amene anasungidwa anali okhoma. Ndinkadziwa kuti alipo, kwinakwake kutsidya la nyanja zamchere, mawu a azimayi akwathu, koma sindikanatha ngakhale kuwasuzumira. Nsomba yowamba sichedwa m'nyengo ya chinyezi. Zinayamba kuchita nkhungu, zina kulowa tizilombo.

M'masiku omwewo kampani ina ya ku Blantyre inandiimbira kuti ndapambana mayeso, ndikayambe chaka chikangotembenuka. Ndinauza amalume tili pakhonde, iwo akusoka ukonde wa munthu wina. Sanadzutse mutu.

"Ndamva. Nanga ukapita, kabokosi kako kazilankhula ndi ndani?"

"Ndikhoza kumayang'anira ndili konko, amalume."

"Uli konko uona bwanji kuti lero ng'anjo ya uje yatulutsa chiyani? Kale ndinkayenda ndi foni yanga, ndinkadziwa wogula aliyense ndi mawu ake. Unawachotsa m'khutu mwanga n'kuwaika m'kabokosi. Tsopano nambala zawo ndilibe, iwo yanga anaiwala. Sindikukudzudzula, mwana wa mlongo wanga. Ndikungoti bwato ukalikankhira pakati pa madzi, sutsika ndi nkhafi."

Tsiku lotsatira anaimba achemwali kuchokera ku Joni, akulankhula motsitsa ngati pali wina pafupi. Anati m'nyumba simukudyeka. Alamu akuti akuchikazi amadya thukuta lawo koma mayi wawo amamuika kumchira. Achemwali analira. "Mng'ono wanga, usandiphere banja chifukwa cha mlamba. Ndili kutali, ndilibe kothawira."

Ndinauza amalume kuti ndichita zimene alamu akufuna, koma osati mobisa. Anaitana azimayi onse kung'anjo, m'mawa moto usanayatsidwe. Ndinafotokoza zonse mmene zinalili: kuti chidacho chili m'manja mwa kampani yakunja, kampaniyo imamva khadi lokha, khadi lili ndi alamu, ndipo alamu akufuna chiyani. Apongozi a achemwali anali atakhala kumapeto, akuyang'ana pansi, manja atawabisa m'chitenje.

"Ine sindinapemphe zimenezi," anatero. "Mulungu ndi mboni."

Ena anayamba kung'ung'udza m'Chisena, wina anafunsa ngati kulibe munthu wina wa khadi padziko lonse lapansi. Analipo mwina, koma sitinkamudziwa, ndipo nsomba zinkawola tikuyang'ana. Mapeto ake analankhula mayi wina wamasiye amene ng'anjo yake inali yaikulu kuposa zonse, amenenso akanaluza kwambiri.

"Ikani," anatero. "Wachiwiri pamzere amadyako. Amene sakupezeka n'komwe ndiye amagona ndi njala."

Ndinaika tsiku lomwelo. Ndinatumizira alamu chithunzi chosonyeza mlamba wa amayi awo uli pamwamba, ndipo dzuwa lisanapendeke khadi linabwerera. Mawu onse aja ndinawapeza ali momwemo, palibe limene linasowa. Ndinakhala nthawi ndikungowayang'ana, osadziwa ngati ndikondwe.

Zimene zinachitika pambuyo pake palibe anazikonza. Apongozi a achemwali aja sankawamba zambiri, choncho nsomba zawo zinkatha msanga. Zikatha ankapita mwakachetechete kwa anzawo, kutenga zawo, n'kuzigulitsa pa dzina lawo, phindu n'kubwezera eni ake. Zinathandiza, koma tanthauzo la mayina linatha. Wogula wa ku Mzuzu amayamikira dzanja la mayi mmodzi pamene akudya za ng'anjo zosiyanasiyana, ndipo mayi wamasiye uja, amene anthu ankamufunsa ndi dzina, pano samutchulanso. Kung'anjo amacheza ndithu, koma apongozi a achemwali akafika nkhani imasintha.

A ku Blantyre ndinawapempha kuti andidikire mwezi umodzi ndiphunzitse munthu wina. Anandiyankha bwino, kenako anatenga wina. Woti ndimuphunzitse sanapezekenso, pakuti achinyamata odziwa makompyuta kwathu sakhala, amakwera chitunda kulowera ku Thyolo kapena ku Blantyre n'kupita osatembenuka. Ndikadali m'chipinda chija kwa amalume. Ndimakoperako mawu aja pang'onopang'ono ndi dzanja, kuti mwina tsiku lina tidzasamuke, koma kulikonse kumene ndayang'ana akufuna khadi lomwelo.

Mwezi ukamatha ndimaimbira alamu kuwapatsa moni, kufunsa za ntchito, za kuzizira kwa ku Joni, osatchula khadi. Iwonso salitchula. Ulendo wapitawu anali osangalala kwambiri. Anati apeza kumene akugulitsa mabulangete ndi nsapato motchipa, ndipo akuganiza zoti tiziikenso m'sitolo yathu, patsamba loyamba, pamwamba pa nsomba. Amalume anali pafupi, akumva zonse, koma anangotembenukira kudambo.

"Chabwino alamu," ndinatero. "Tumizani zithunzi."