Matayala Anga pa Takisi ya ba Mwansa

Galimoto yanga yakhala pa njerwa miyezi isanu, kudikira kachitsulo ka mu injini komwe masitolo onse a mu Cairo Road akuti kadakali kudoko. Matayala ake ndinawabisa pansi pa bedi kuopa akuba.

Lolemba m'mawa kunabwera ba Mwansa, aneba athu kuno ku Kabwata. Kwawo ndi ku Luapula, ndipo takisi yawo ndiyo imadyetsa ana awo asanu.

"Muli shani, ba neba? Mawa nipeleka motoka ku fitinesi, manje matayala yabili ya kutsogolo yasila. Nibwelekeniko yanu, nizabweza."

Kwa inu amene simunagwirepo chiwongolero, fitinesi ndi mayeso a boma. Amaona mabuleki, magetsi ndi matayala, akakhutira n'kupereka kapepala komata pagalasi. Popanda kapepalako takisi siloledwa kunyamula anthu.

Kodi ndani sadziwa zomwe zimachitika? Masiku ano tayala latsopano likusowa kuposa sopo ndi mafuta ophikira. Choncho madalaivala amabwerekana. Tayala limodzi labwino limakhoza mayeso pa galimoto iyi lero, mawa pa ina, pamene anthufe tikukwera pa akale omwe aja, osalala ngati mbale.

Ndinawapatsa. Mneba sumumana.

Lachiwiri madzulo ba Mwansa anabwera akugubuduza matayala anga, nkhope ili ngwee. "Yapasa!"

Mkazi wanga, amake Dalitso, anali kuanula zovala. Anaima, zovala zili paphewa.

"Ba Mwansa, yapasa ni motoka, olo ni matayala ya amuna anga?"

Ba Mwansa anaseka, koma mayiwo sanaseke.

"Loweluka lililonse ine nikwela takisi yanu pochoka ku maliketi ya Soweto. Nikwele pa yakale yaja? Bwezelani aya ku motoka. Muzatipasa mukapeza yanu."

Ndisaname, zinandiwawa. Matayala anga omwe ndinkawapukuta fumbi Lamlungu lililonse, akathere m'maenje a ku Chelstone? Koma amene ali pabanja akudziwa kuti pali nkhani zina zomwe zimagamulidwa iwe uli chiimire pomwepo. Matayala anga anabwerera pa takisi.

Lachinayi kunagwa mvula yoyamba. Ndinali ndi mapepala okapereka ku maofesi a ku Longacres, ndipo ndinakwera takisi ya ba Mwansa, mpando wa kutsogolo. Msewu unali woterera. Tili pafupi kufika, bambo wina wa panjinga, atasenzetsa matumba awiri a makala, anatsetsereka n'kugwera pakati pa msewu, patsogolo pathu penipeni.

Ba Mwansa anaponda buleki. Ine ndinatsinzina.

Nditatsegula maso, takisi inali itaima, ndipo pakati pa bampala ndi mutu wa bamboyo panali mpata wa mkono umodzi. Tisanapume n'komwe, kumbuyo kunamveka phokoso, bhu! Galimoto yaikulu yakuda inali itatigunda.

Palibe anavulala kwambiri. M'galimotomo munatuluka bwana wina wovala suti ya safari, akuti wa ku Kabulonga, kwa anthu olemera.

"Matakisi inu! Mabokosi a maliro oyenda! Umaima bwanji pakati pa msewu? Ukundidziwa ine, komuredi?"

Anthu anasonkhana, ndipo ambiri anavomereza. "Ni takisi, ilibe magetsi ya kumbuyo." Enawo anali asanaone n'komwe chomwe chachitika. Ba Mwansa anangovula chipewa. Ankadziwa kuti mlandu ukawagwera, takisi ilandidwa, ndipo kunyumba kugonedwa ndi njala.

Kunabwera wapolisi wa pamsewu, munthu wosapupuluma. Anawerenga kapepala ka pagalasi. Anauza ba Mwansa kuti aponde buleki, ndipo nyali yomwe inapulumuka inayaka. Anagwada m'matope n'kupisa chala m'mizere ya matayala a kutsogolo. Zinali ngati kuti akuyesa ineyo.

"Matayala yabwino aya," anatero.

Kenako anapita pa galimoto ya bwana uja n'kusisita tayala lake ndi chikhatho. Linali losalala.

"Bwana, uyu anaima kupulumutsa munthu. Imwe munali pafupi maningi, ndipo mwagunda kumbuyo. Mlandu ni wanu."

Bwanayo anayang'ana bambo wa makala uja, yemwe anali kutola makala ake m'madzi, chigongono chitasupuka. Mawu anatsika. Anavomera kuti a inshuwalansi ake akonza takisiyo, ndipo anafika popepesa. Bambo wa makalayo anagwira dzanja la ba Mwansa ndi manja ake onse awiri n'kulisiya lili bii.

Ndinabwerera kunyumba wapansi, ndikuimba kamluzu. Nditafotokoza, amake Dalitso anangoti, "Tiyi ali pa mbaula."

Mlungu uno ndasangalala ndi zinthu zingapo. Ndaona wapolisi akuyang'ana tayala m'malo moyang'ana suti. Ndaonanso kuti mayeso amene timawanyoza aja ali ndi ntchito, bola zomwe woyesa waona Lachiwiri zikhale zomwezo zomwe zikuyenda pamsewu Lachinayi. Ndipo ife okonda kuloza chala takisi ngozi ikangochitika, tiyambe tasuzumira pansi pa galimoto zathu.

Koma pali funso lomwe sindikutha kulichotsa m'mutu, ndipo ndikusiyirani inu amene muli ndi tayala, batire kapena nyali yomwe mneba adzabwereke mlungu wamawa. Takisi ija ikanakhala pa matayala ake akale n'kulephera kuima, bambo wa makala n'kutsala pansi pake, wapolisi akanamanga ba Mwansa. Nanga ine, amene ndinathandiza kunamiza woyesa, akanandimanga ndani?