Phazi Lopalasira la Che Kassimu

Che Kassimu anayamba kusoka pakhonde la sitolo ya a Bhupendra ku Area 2 mwana wawo Sumayya asanamere mano. Lero Sumayya ali ndi wake kumsana, koma makina ndi omwe aja, opalasa ndi phazi. Anthu akagula kaunjika wowakulira mu Msika wa Tsoka amabwera naye kuti awabwezere, ndipo sachokapo asanauzidwe kuti anasankha ndi maso otseka. Pa nkhani ya nsalu bamboyu sasunga mawu.

Phazi lopalasiralo ndi lomwe linachita bala. Kamsomali kanawabaya kuchidendene iwo osamva, poti shuga anawachititsa dzanzi kumapazi. Sumayya anadziwira fungo.

Kuchipatala namwino, mayi Evelesi, anati chakuda chophimba balacho si nkhanambo ya kupola ayi, ndi mnofu wakufa, ndipo pansi pake mafinya akudya. Pafunika kuuchotsa pang'onopang'ono ndi kampeni, kutsuka ndi madzi amchere, kumanga, n'kumabweranso. Akachedwa, nkhani idzakhala yodula phazi.

"Ndabwera ndi kabowo, mukufuna ndibwerere ndi dzenje?" anatero Che Kassimu, uku akuvala nsapato.

Masiku otsatirawo Sumayya anatopa nawo. Aliyense wodutsa pakhondepo anali dokotala. Wina anati ufa wa kapisozi, wina mankhwala otsukira mano, ndipo bambo ake amathira zonse, mpaka mafuta a makina. Wa yunifolomu yekha ndiye sankamumvera.

"Ababa, likununkha."

"Ndi ngalande iyo."

"Ngalande imakutsatirani mpaka kunyumba?"

Tsiku lina anatenga thalauza lakale la mwamuna wake Zubair, lobooka pabondo, n'kuliponya pamakina.

"Muikepo chigamba, koma musadule."

Che Kassimu anaikoka nsaluyo ndi zala, inangoti phwe.

"Iwe, mwana wa telala angayankhule zimenezo? Nsalu yatha iyi, ulusi ugwira pati? Umadula chofumbwa chonse mpaka upeze polimba, ndiye..."

Sizasi inaima itadula theka. Sumayya anangoyang'ana pansi pa makina pamene panali phazi.

"Amayi ako analinso chonchi," anatero bambowo.

M'mawa mwake anapita kwa namwino uja, koma atakulunga sizasi yawo m'kansalu, akuti za kuchipatala n'zobuntha. Mayi Evelesi anawauza aibweze m'thumba. Sumayya anasowa poika nkhope. Nthawi yonse imene namwinoyo ankachotsa chakudacho, Che Kassimu anali atawerama kuyang'anira ntchito.

"Mwasiya m'mbalimo, anesi. Dzanja lanu n'lolemera."

"Bambo, ine ndimabwera kudzakuphunzitsani kusoka?"

Pansi panaoneka mnofu wofiira, timagazi tinatuluka. Bala linali litakuladi, koma loyera.

"Apo ndiye polimba," anatero Che Kassimu, ngati ntchitoyo aigwira okha.

Phazi lilipo. Bala likutseka pang'onopang'ono kuchokera m'mbali, ndipo Sumayya amawakokabe kupita nawo kukamangitsa, mwana kumsana, iwo akudandaula njira yonse. Anauzidwa kuti apume, ndiye aphunzira kupalasa ndi lamanzere, linalo atalisanjika pa kathini. Ukawafunsa amati ndiko kupuma.

Thalauza la Zubair likadali pakhonde pomwepo, bowo lake litakula, chigamba palibe. Akafunsa, apongozi ake amamuuza kuti zinthu zotere sizifuna phuma.