Piyano Imene Bambo Amamva ndi Chikhatho

Mwezi watha mpingo wathu unaperekeza mayi amene ambirife sitinkadziwa n'komwe dzina lawo la ubatizo. Tonse tinkangoti Mayi a Limba. Abusa andipempha kuti ndilembe mbiri yawo m'kalata ya mpingo ino, poti ndinakhala nawo m'kwaya zaka zambiri, ndipo ndine amene ndinkadzudzulidwa kuposa onse.

Anabadwira m'banja losauka. Mayi awo ankasesa m'tchalitchi, ndipo mtsikanayo, podikira kuti kusesa kuthe, ankakhala pa limba lakale lopopa ndi mapazi n'kumafufuza nyimbo ndi chala chimodzi. Panalibe wowaphunzitsa, khutu ndilo linali mphunzitsi. Woimba limba wa nthawiyo atadwala, akulu ampingo anasowa pogwira n'kuitana mtsikana uja. Kuyambira tsiku limenelo sanachokenso pampando umenewo mpaka ukalamba.

Atakula anakhala telala wosoka mayunifolomu a ana asukulu. Anakwatiwa ndi bambo wina wodula malata pafakitale, woimba besi m'kwaya, mwini mawu amene ankagwedeza mabenchi. Kunyumba anali ndi kakiyibodi kakang'ono. Madzulo alionse, mbale zikachoka patebulo, kakiyibodiko kankakwera pomwepo, mayi n'kumakaliza, bambo n'kumaimba, mwana wawo wamkazi akuwodzera pakati. Pamaliro, paukwati, mvula kaya dzuwa, Mayi a Limba sankasowa. Ine nditadandaula tsiku lina kuti mawu anga ndi osasa, anandiyankha kuti, "Imbani basi. Mulungu akanafuna mawu okoma okhaokha, bwenzi atalenga mbalame zokha."

Mayesero anabwera mwakachetechete. Phokoso la makina linadya makutu a bambo pang'onopang'ono, mpaka pamene ankapuma pantchito sankamvanso nyimbo. Lamulungu lina anapitiriza kuimba nyimbo itatha kale, anthu n'kucheuka, ana n'kuseka. Bambo anatseka pakamwa kuyambira pomwepo. Pamapemphero a madzulo anayamba kungokhala duu, kenako anayamba kumanyamuka n'kulowa kuchipinda. "Ndiimbirenji chinthu chimene sindikumva?" ankatero. Mayi nawo nyamakazi inali itawagwira zala, koma anandiuza kuti zala sizinkawawa ngati mpando wopanda munthu uja. Chimene ankapempha kwa Mulungu chinali chimodzi: amuna awo aimbenso.

Kakiyibodi kaja katakalamba, makiyi ena atasiya kulira, mwana wawo, amene tsopano ndi namwino, anati awagulira chida chabwinopo. Anandipempha kuti ndiwaperekeze kusitolo. Bambo anachita kukokedwa ngati mbuzi yokana chingwe, ati akathandize kunyamula.

Wogulitsa anatisonyeza mapiyano amagetsi awiri. Yoyamba inali yopyapyala, yonyamulika ndi munthu mmodzi, makiyi ake ofewa, mawu a zida zosiyanasiyana ali mbwee, ng'oma zomwe. Yachiwiri inali ya bokosi lathabwa loima pansi, masipika akuluakulu ali m'mimba mwake, koma makiyi ake anali olemera ngati a piyano yeniyeni. Wogulitsayo sanatinamize. Atayang'ana zala zotupa za mayi, anati yoyamba ndiyo ingawakomere.

Mayi anailiza yoyamba ija, ndipo kunena zoona zala zawo zinathamanga ngati za mtsikana. Namwino anawomba m'manja. Ine ndinali nditayamba kale kufunsa za katoni yake. Koma mayi, munthu wosafuna kusiya chinthu asanachiyese, anakhala pa yachiwiri. Bambo anali atatopa n'kuimirira, atatsamira pa bokosi lomwelo ndi chikhatho, maso ali kumsewu. Mayi atadina makiyi a besi, bambo anadzidzimuka.

"Bwerezani," anatero bambo mokweza, monga amalankhulira anthu osamva.

Mayi anabwereza. Thabwa linanjenjemera pansi pa chikhatho chawo. Bambo anaika dzanja lachiwiri, ndipo tonse tinaona milomo yawo ikutsata nyimbo, ngakhale mawu sanatuluke.

"Titenga iyi," anatero mayi.

"Amayi, mukudziwa zimene mukunena?" anafunsa namwino. "Makiyi amenewa akupwetekani. Ine ndimaona anthu a nyamakazi tsiku lililonse. Pakutha pa chaka simudzagwiranso ngakhale supuni."

"Supuni udzandigwirira iweyo, mwanangu. Koma bambo ako ndani adzawaimbira?"

"Nanga tikagula yofewayo n'kulumikiza sipika yaikulu?"

Wogulitsa anayesadi zimenezo. Bambo anagwira sipikayo, anapukusa mutu, n'kubwerera okha ku bokosi lathabwa lija. Namwino anatembenukira kwa ine kuti ndimuthandize, koma ine ndinayang'ana kudenga. Amene anayesapo kutsutsana ndi Mayi a Limba akudziwa chifukwa chake.

"Walira mvula walira matope," anatero mayi akutseka chivundikiro. "Matopewo ndi anga."

Matope anabweradi. Madzulo alionse mayi ankayamba aviika manja m'beseni la madzi ofunda kuti zala zivomere. Kenako bambo ankakokera mpando pambali pa piyano, zikhatho pathabwa, bondo litagunda bokosi. Masabata oyamba ankangong'ung'udza. Masiku ena ankakwiya n'kunyamuka, mayi n'kupitiriza nyimbo mpaka kumapeto ngati palibe chachitika, mawa lake n'kuyambanso. Mayi ataona kuti zala sizingakwanitse kutchalitchi ndi kunyumba komwe, anapita kwa abusa n'kutula pansi udindo umene anausenza kuyambira utsikana. Ambiri tinadabwa, ena tinawanena kumbali kuti afooka. Sanadziteteze. Anangoti, "Kutchalitchi kuli achinyamata odziwa. Kunyumba kuli nkhosa imodzi, ndipo mbusa wake ndine."

Tsiku limene besi ija inabwerera, namwino anandiimbira foni akulira, n'kuitembenuzira kupiyano kuti ndimve ndekha. Mawu anali okalamba, koma nyimbo ankaiponda pamalo pake. Ndinalira nanenso, sindibisa. Banjali linapemphera moimba chotero zaka zingapo, ndipo mayi sanawauzepo amuna awo kuti kiyi iliyonse inkawalasa ngati singano.

Anatisiya Lamulungu lina masana. Atabwera kutchalitchi anati akufuna kupumako pang'ono, anagona, namwino ali pambali pawo, ndipo sanadzukenso. Nkhope yawo inali ya munthu amene wamaliza ntchito yake.

Abale ndi alongo, chitsanzo chimene atisiyira n'chosavuta kuchimva koma n'cholemera kuchisenza. Atapatsidwa mwayi wosankha chowapeputsira iwo eni, anasankha chobweza mnzawo pamaso pa Mulungu. Ife a kwaya tagwirizana kuti piyano ija isakhale chete, ndipo tikumapita mosinthana. Sabata yatha inali nthawi yanga. Ndinakhala pampando wa mayi mwamantha, makiyi aja n'kundilimbira ngakhale zala zanga zili bwinobwino. Bambo anaika zikhatho pathabwa n'kutsinzina. Ndisanafike pakati pa vesi loyamba anandigwira pamkono.

"Mukuthamanga, mwanangu. Mayi ankandidikira. Yambaninso."

Ndinayambanso pang'onopang'ono, ndipo bambo anaimba.